Pinotage wa ku Stellenbosch kapena Chenin wa ku Swartland, tinyamule uti?

Funso ili limandipeza chaka chilichonse December ikamayandikira anthu akumanga katundu wopita kumudzi, amvekere aise iwe umagwira mu lesitilanti ku Cape Town kuno, tiuze botolo loti tikawapatse alamu. Ambiri amabwera atasankha kale Pinotage poti anamva kuti ndiye vinyo weniweni wa ku Joni. Sakunama ayi, koma pali mnzake amene anthu amangomudutsa pa shelefu, Chenin Blanc, ndiye tiwaone onse awiri.

Pinotage ndi wofiira ndipo anabadwira konkuno. Mu 1925 pulofesa wa pa yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut yomwe nthawi imeneyo ankaitcha Hermitage, dzinali anangolumikiza mayina awiriwo basi. Ukapeza wabwino, monga wa ku munda wa Kanonkop uja wa m'tsinde mwa phiri la Simonsberg ku Stellenbosch, umamva zipatso zakuda zakupsa bwino ndi kautsi pang'ono, ndi wolemera amadzaza m'kamwa, ukameza lilime limauma ngati walumako nthochi yosapsa. Ndi kanyenya wa mbuzi kapena nyama yonona ya pa braai amayenda bho kwambiri chifukwa kuuma kuja kumachotsa mafuta m'kamwa. Vuto ndi lakuti Pinotage safuna wopanga waulesi. Akapangidwa mwachisawawa amanunkha ngati penti kapena tayala lopsa, ndipo munthu ukayambira pa botolo lotero umalumbira kuti zimenezi sindidzalawanso. Palinso uja amati coffee Pinotage amene anamutchukitsa a Diemersfontein ku Wellington, mulibe khofi m'menemo, fungolo limachokera ku matabwa a oak owotcha. Oyamba kumene amamukonda zedi, ine pa tambula yachiwiri amakhala wandikola kale.

Chenin ndi woyera, kwawo ndi ku Loire ku France koma lero South Africa ili ndi minda yambiri ya Chenin kuposa eni akewo, ndipo palibe mphesa ina yodzalidwa kwambiri m'dziko muno kuposa iyoyi. Mabunu ankaitcha Steen osadziwa kuti ndi Chenin yomweyo mpaka 1963. Kwa zaka zambiri inali ngati mwana wamasiye wongotumidwa pakhomo, yopangira brandy ndi vinyo wa m'mabokosi, palibe ankailemekeza. Nkhani inasinthira ku Swartland, dera la tirigu kumpoto kwa Cape Town cha ku Malmesbury ndi Riebeek Kasteel, kotentha kouma koti ukapitako January umakumbuka ku Chikwawa. Kumeneko kuli mitengo yakalekale ya mphesa yosamangirira pa waya, imangoima ngati tchire, yambiri sathirira n'komwe ndiye mizu imapita pansi kwambiri kukasaka madzi, imabereka pang'ono koma tizipatso take kukoma kwake n'kwina. Cha m'ma 2000 anyamata ngati Eben Sadie, kenako Adi Badenhorst ndi banja la Mullineux, anayamba kupanga vinyo wapamwamba kuchokera m'minda imene ena ankafuna kuzula, pano mabotolo awo ena amatha asanafike n'komwe m'sitolo.

Kakomedwe ka Chenin kali ndi kuwawasa kotsitsimula, maapulo, mapeyala achizungu, nthawi zina kauchi chakumapeto. Muyike mu fuliji azizire bwinobwino kenako mum'patse chambo chowotcha kapena nkhuku ya lokolo, mudzandiuza. Ndipo tiganizire kumene botolo likupita eti, December kwathu kumatentha, vinyo wofiira wa ukali wa mowa 14% kapena kuposa kumwa masana pa khonde alamu agona pa mpando nkhani isanathe.

Pa zokayenda kukalawa Stellenbosch palibe wopikisana naye. Tauniyi inayamba 1679, ndi makilomita 50 okha kuchoka ku Cape Town, minda ili moyandikana ndipo pafupifupi paliponse amalandira alendo, kungoti dzinalo umalilipiranso mu mtengo wa botolo. Swartland ndi kutali pang'ono, misewu ina ndi yafumbi, minda ina yaing'ono muyenera kuyimba kaye musanapite apo ayi mukapeza geti yotseka.

Musanditenge ngati ndikuti Stellenbosch kulibe Chenin, Ken Forrester ali komweko ndipo Chenin wake ndi wodziwika, ku Swartland nakonso Pinotage aliko. Chachikulu werengani lebulo. Pakalembedwa W.O. Swartland kapena W.O. Stellenbosch ndiye kuti mphesa zonse zachokera kumeneko, lamulo limeneli linayamba 1973, ndipo dzina la mphesa likalembedwa ndiye kuti 85% kapena kuposa ndi mphesa imeneyo. Pakalembedwa Western Cape ndiye kuti akhoza kukhala atasakaniza za madera osiyanasiyana, sikuti ndi woyipa koma musamulipire ngati wa munda umodzi. Mukaona kachizindikiro ka Certified Heritage Vineyards ndiye mitengo yake ili ndi zaka 35 kapena kuposa, amalembanso chaka chimene inadzalidwa.

Ine ndalama zikakhala zochepa ndimatenga Chenin osaganiza kawiri, ngakhale wotchipa sakhumudwitsa kawirikawiri pamene Pinotage wotchipa ndi juga. Pinotage ndimagula pokhapokha thumba likulola wabwino ndipo ndikudziwa kuti kunyumba kuphedwa mbuzi. Amene mukupita pa basi, masiku onse aja a pamsewu kudutsa Beitbridge, botolo lililonse mulikulunge mu zitenje pakati penipeni pa chikwama, kutentha kwa mu buti kumawononga onse awiri mofanana.