Kotor, Budva kapena Žabljak: mukagone kuti ku Montenegro?

Montenegro ndi kadziko kakang'ono ka ku Ulaya, m'mbali mwa nyanja ya Adriatic, sikafika ngakhale theka la nyanja ya Malawi kukula kwake. Koma mapu asakunamizeni. Misewu yake ndi yokhotakhota, yokwera ndi kutsika mapiri, moti ulendo wooneka waufupi umatha kudya theka la tsiku. Malo amene mwasankha kugona ndi amene anene zomwe mukaone.

Kotor ndi wa anthu okonda zakale ndi kuyenda pansi. Mzinda wakalewu uli mkati mwa linga, kumapeto kwa nyanja yolowa pakati pa mapiri, ndipo uli pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse kuyambira 1979. Tchalitchi cha Saint Tryphon ndi cha mu 1166. Kukafika ku linga la pamwamba la San Giovanni ndi masitepe pafupifupi 1,350. Miyala yake idasalala ndi mapazi, mthunzi ndi wosowa, choncho lawirirani m'mamawa, madzi m'manja, nsapato zogwira kuphazi. Chosautsa ndi sitima zapamadzi zikuluzikulu za alendo: zikakocheza m'mawa, timisewu topapatiza tija timadzaza mpaka madzulo. Ndi bwino kugona ku Dobrota kapena ku Perast, timatauni ta m'mbali mwa nyanja yomweyi, n'kumalowa mumzinda sitimazo zitachoka. Ku Perast komweko mabwato amakuolotsani kupita pa kachilumba ka Gospa od Škrpjela, komwe anthu adachita kuunjika ndi miyala. Magombe abwino osambira kuno ndi ochepa. Malo ambiri ndi miyala ndi simenti.

Wofuna kusamba ndi kuchezera usiku apite ku Budva. Magombe a Mogren ndi Jaz ali pafupi, gombe la Sveti Stefan pang'ono kum'mwera. Koma mu Julaye ndi Ogasiti mitengo imakwera, poimika galimoto pamasowa, ndipo makilomita 20 ndi kanthu opita ku Kotor amatha kukutengerani ola lathunthu. Ngati chomwe mukufuna ndi mchenga weniweni, pitirirani mpaka ku Ulcinj, komwe gombe la Velika Plaža ndi lotalika makilomita pafupifupi 12.

Žabljak, kumapiri a kumpoto, kuli ngati dziko lina. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,450, pakhomo la paki ya Durmitor, ndipo usiku kumazizira ngakhale kugombe anthu akuthawa dzuwa; juzi musaisiye. Nyanja ya Crno Jezero mumaizungulira wapansi mwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ana ndi agogo omwe. Kukwera phiri la Bobotov Kuk, la mamita 2,523, ndi ulendo wa tsiku lonse, ndipo chakumapeto mumagwira zingwe pathanthwe. Ambiri amalakwitsa ponyamuka mochedwa: masana mitambo imatseka nsonga, mabingu n'kuyamba. Chipale chofewa chimakhalabe m'njira mpaka Juni, ndipo msewu wa Sedlo, wodutsa m'mapiri a Durmitor, umatsekeka nyengo yozizira. Chigwa cha mtsinje wa Tara n'chakuya mpaka mamita 1,300. Kachionereni pa mlatho wa Đurđevića Tara, womwe udatha kumangidwa mu 1940.

Kwa wokhala ndi sabata imodzi, masiku anayi ku dera la Kotor ndi atatu ku Žabljak ndiye kugawa kwabwino. Budva ndi yongopitako masana. Kuyesa kuona Durmitor n'kubwerera kugombe tsiku lomwelo n'kudzizunza, chifukwa ndi maola atatu kupita, atatu kubwera. Tsiku limodzi la ku Kotor lisungireni phiri la Lovćen: msewu wake wakale uli ndi makona akuthwa 25, ndi wopapatiza moti mukakumana ndi basi mumabwerera chafutambuyo, ndipo pamwamba pali masitepe 461 okafika kumanda a Njegoš, mtsogoleri wakale wa Montenegro yemwenso anali mlakatuli.

Ndalama ndi yuro. Bwalo la ndege la Tivat lili pafupi ndi Kotor kuposa la ku Podgorica, likulu la dzikoli. Mlendo amayenera kulembetsa kwa akuluakulu a boma pasanathe maola 24 atafika. Mahotela amakuchitirani okha, koma mukachita lendi nyumba ya munthu, funsani mwini wake ngati walembetsadi.