Kusiya phunziro kapena kupirira: kwa ofuna udokotala ku America

Organic chemistry ikakukanikani pakati pa teremu, njira zilipo ziwiri: kusiya phunzirolo n'kulandira chilembo W (chosonyeza kuti munalisiya), kapena kupirira mpaka mayeso omaliza.

W salowa mu GPA (avereji ya magiredi anu) imene AMCAS, njira yofunsira malo m'sukulu zambiri za udokotala ku America, imawerengetsa. Amangooneka pa transcript, chikalata cha magiredi anu. Mmodzi kapena awiri sadetsa nkhawa kwambiri, makamaka ngati kunali matenda kapena maliro. Koma akachuluka pa biology, chemistry, physics ndi masamu, osankha ophunzira amakayikira ngati mungapirire ntchito yolemetsa.

Kupirira kuli ndi mtengo wake. Pa GPA, D ndi 1.0, F ndi 0, ndipo ngakhale mutabwereza phunzirolo n'kupeza A, AMCAS imawerengera magiredi onse awiri. AACOMAS, njira yofunsira malo m'sukulu za udokotala wa osteopathic, nayo inasiya kufufuta giredi yakale mu 2017. Sukulu zambiri zimafunanso C kapena kuposa apo pa maphunziro oyenera kukhala nawo.

Kwa ine, ngati B kapena C akutheka, limbikirani. D akayamba kuonekera, siyani tsiku lomaliza losiyira phunziro lisanadutse, chifukwa WF (kusiya phunziro mukulephera) amatha kuwerengedwa ngati F. Inu amene muli pa viza ya ophunzira ya F-1, yambani mwafunsa ku ofesi yoona za ophunzira akunja, chifukwa kutsika pansi pa makirediti 12 (muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro amene mukutenga pa teremu) kungakuikeni m'mavuto.