Squid pa seva ya Ubuntu: ndi yabwino, koma yang'anani malamulo mukasintha sisitimu

Mu kefe yanga ya intaneti pa Kamuzu Road kuno ku Salima, makompyuta onse amadutsira pa seva imodzi ya Ubuntu yomwe ili ndi Squid, pulogalamu imene imakatengera makompyutawo masamba pa intaneti n'kusunga ena kuti isamawakatengenso. Kasitomala sakhudza kalikonse mu browser yake. Iptables, pulogalamu ya malamulo a netiweki mu Linux, ndi imene imakhotetsa zonse za pa port 80 (khomo la masamba a HTTP) n'kuzipititsa ku 3129, kumene Squid imadikirira. Squid ndi yaulere, ndipo ngakhale pa kompyuta yakale imathamanga bwinobwino. Pa nkhani yopulumutsa bandulo musayembekezere zambiri, poti masamba ambiri masiku ano ndi a HTTPS ndipo Squid siyingawasunge.

Chimene ndikufuna anzanga a makefe mumvetse n'choti Squid imadalira kwambiri mmene sisitimu ikuyendetsera netiweki. Mukaika Ubuntu watsopano, khadi la netiweki lomwe linkatchedwa eth1 limatha kukhala enp2s0. Lamulo lakale la iptables lotchula eth1 silidandaula ayi, limangokhala osagwira kanthu. Intaneti ikuyenda, makasitomala akusangalala, koma mukatsegula access.log, fayilo imene Squid imalembamo masamba amene adutsa, muli zii, zonse zikulambalala Squid.

Ndiye pali 127.0.0.1, adiresi imene seva imalankhulira yokha. Mu iptables, zochokera kwa makasitomala zimadutsa gawo la malamulo lotchedwa PREROUTING, koma zochokera pa seva penipenipo zimadutsa gawo lotchedwa OUTPUT. Mukaikanso lamulo lokhotetsa mu OUTPUT osapatula yuza wotchedwa proxy (Squid imagwira ntchito m'dzina lake), Squid imadzitumizira yokha zimene yatumiza, ngati galu wothamangitsa mchira wake, mpaka mu cache.log, fayilo ya mauthenga a Squid, mutatuluka mawu oti "Forwarding loop detected". Komanso mukagwiritsa lamulo lokhotetsa lotchedwa DNAT kulozera za makasitomala ku 127.0.0.1, Linux imazitaya pokhapokha switchi ya Linux yotchedwa route_localnet mutaiika pa 1. Ine ndimangogwiritsa lamulo lina lokhotetsa, REDIRECT, lilibe chipwirikiti chimenechi.

China n'cha DNS, imene imasandutsa mayina a masamba kukhala maadiresi. Pa Ubuntu 18.04 ndi otsatira ake, pulogalamu ya DNS yotchedwa systemd-resolved imakhala kale pa 127.0.0.53, port 53. Amene mumayendetsa dnsmasq (pulogalamu inanso ya DNS yofuna port 53 yomweyo) pa seva yomweyo, muiuze kuti izimvetsera pa khadi la mu kefe lokha, apo ayi ikana kuyamba.

Kwa amene ali ndi labu ya sukulu kapena ofesi yaing'ono ku Senga Bay kuno kapena ku Nkhotakota, Squid ndikuilimbikitsa ndithu. Koma musanasinthe sisitimu, sungani malamulo anu ndi iptables-save, ndipo mukamaliza tsegulani tsamba limodzi la HTTP pa kompyuta ya kasitomala muone ngati lalembedwa mu access.log.