Khonde la lesitilanti ya pafupi ndi mlatho, kumene Nyumba ya Malamulo ya ufumu wathu inadzukira

Amene mukusaka malo oti anthu khumi ndi asanu kapena makumi awiri akhale pansi masana onse ku Mangochi boma popanda kulipira holo, pali lesitilanti ina pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi yomwe ndikufuna muidziwe. Mukachoka pa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, pamene pali mfuti ya sitima ya Guendolen paja, mumayenda pang'ono cha kumtsinje. Kumaso kwake sikukopa munthu: matebulo ochepa, firiji ya zakumwa ndi TV pakhoma. Chimene chimatikokera ife ndi khonde lakuseri, lofolera malata, loyang'ana ku Shire, lokhala ndi tebulo limodzi lalitali ndi mabenchi awiri.

Ife amene ndikunenawa ndi nzika za ufumu wamasewera umene tinauyamba tili ku sekondale. Tili ndi mfumu yochita kusankhidwa, Nyumba ya Malamulo, Sipikala, mbendera, ndi buku la malamulo lolemba pamanja. Malo tilibe, msonkho sitidula, ndipo aliyense wa ife ndi Mmalawi ngati wina aliyense. Kunja zoterezi zilipo ndithu. Sealand inayamba mu 1967 pamene Roy Bates anakhazikika pa nsanja yakale ya asilikali m'nyanja kufupi ndi England. Talossa anaiyambitsa mu 1979 ndi Robert Ben Madison, mnyamata wa zaka 14, m'chipinda chake chogona ku Milwaukee, ku America, ndipo inakula mpaka kukhala ndi mfumu, zipani, chilankhulo chakechake ndi nyumba ziwiri za malamulo, Cosa ndi Senäts. Ife tinaonera zambiri ku Talossa.

Anthu atakula, wina kukwatira, wina kukayamba ntchito ku Monkey Bay, ena kupita ku Joni, tinasamutsira zonse pa gulu la WhatsApp. Poyamba zinkayenda. Kenaka gulu linangoti zii. Sipikala akaika bilu, amayankha ndi anthu atatu omwewo, ena onse amangowerenga n'kudutsa. Mfumu inasiya kulankhula chifukwa inalibe oimva. Ena anati titengere lamulo la ku Talossa loti nzika imene yalumpha zisankho zingapo motsatizana ichotsedwe unzika. Ine ndinakana, ndipo mpaka pano ndimakana. Munthu amene alibe bandulo, kapena wakhala tsiku lonse padzuwa akugulitsa usipa, sumamubweza pomuopseza. Umamupatsa chifukwa chodzukira pampando. Chifukwa chimene tinapeza ndi khonde limeneli ndi nsima yake.

Mwini wake ndi mayi wachikulire, Msilamu, wosachulutsa mawu. Titawafotokozera kuti tikufuna khonde Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse, anatimvetsera mpaka kumapeto osaseka, chimene anthu ambiri sachita akamva za ufumu wathu. Anati ndalama ya malo safuna, bola aliyense agule chakudya kapena chakumwa. Anaikanso malamulo awiri. Loyamba, mowa usalowe. Lachiwiri analinena akuyang'ana mfumu yathu: "Achimwene, pakhonde panopa muitanane mmene mufunira, koma mukatuluka pakhomo apo, mafumu akuno ali ndi eni ake." Ananena zoona. Kuno ndi kwa a Mponda, a Makanjira, a Jalasi, a Nankumba, maina amene anthu amawagwadira, ndipo sichinthu chosewera nacho pamsewu. Lamulo la mayiwa tinalilemba m'buku lathu monga momwe analinenera.

Chakudya. Chambo chawo chootcha ndiye chimene ndingakuuzeni kuti muitanitse. Amachidula mizere m'mbali, kuthira mchere, mandimu ndi tsabola pang'ono, n'kuchiotcha pamakala mpaka khungu litauma koma mnofu wamkati ukadali wofewa. Chimabwera ndi nsima ya ufa woyera kapena mgaiwa, supu ya tomato pambali, ndi nkhwani wotendera. Chimene ndimawalemekezera kwambiri n'chakuti sanama za nsomba. Chambo chasowa m'nyanja, aliyense wakuno akudziwa, ndipo ku Malombe ndiye osanena. Tsiku limene apeza ting'onoting'ono amakuuzirani musanaitanitse kuti lero ndi tating'ono, ndipo amakulozerani kampango kapena utaka. Kampango wawo wa supu ndi wabwino, wamafuta, woyenera nsima ya mgaiwa. Mpunga wa nkhuku ndi wamba, nthawi zina umakhala wouma. Kwa amene alibe ndalama ya nsomba pali thobwa lozizira ndi zitumbuwa, ndipo mayiwa sayang'ana munthu ndi diso loipa chifukwa wagula thobwa lokha n'kukhala masana onse. Kwa ife ichi n'chachikulu, chifukwa nzika zathu zina ndi akabaza, zina zili pa ulova.

Momwe tebulo lija lilili kwatithandiza m'njira imene sitinaiganizire. Ndi lalitali, mabenchi ayang'anizana, ndiye a boma amakhala mbali ina, otsutsa mbali inayo, Sipikala kumutu. Mfumu imakhala pampando wapulasitiki pakona, sivota, imangomvera n'kusaina zimene zadutsa. Munthu amene pa WhatsApp sanalembepo ngakhale liwu limodzi, akaona mnzake wa kutsidya la tebulo akunena zimene sakugwirizana nazo, amakweza dzanja. Mlongo wina, wophunzitsa ku pulayimale, anali chete kwa nthawi yaitali pagulu paja. Pakhondepa ndi amene anabweretsa bilu imene yatiutsa tonse: yakuti nzika zikhale ndi mphamvu yochotsa phungu amene sakubwera ku zokambirana. Anakumbutsa anthu kuti malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 anali ndi gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yotere, koma linachotsedwa mu 1995, komanso kuti nyumba ya Senate, momwe mukanakhala mafumu ndi magulu ena, inafafanizidwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Anati ngati dziko lenileni linazitaya, ife tiyese kuona ngati zimagwira ntchito. Mkangano wake unali wotentha moti mnyamata wobweretsa madzi osamba m'manja anaima ndi jagi ndi beseni lake mpaka Sipikala ataimitsa zokambirana kuti tidye.

Kuvota kwachinsinsi anatikonzera ndi mnyamata yemweyo. Anaona tikung'amba mapepala a m'kope, mphepo ya kumtsinje ikuwaulutsa, ndipo anabweretsa poto wovindikira ndi zitsekerero za mabotolo zamitundu iwiri. Aliyense amalandira ziwiri, chofiira cha "inde" ndi chobiriwira cha "ayi". Umapita kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, kuponya chimodzi m'poto, chinacho m'chidebe cha zotsala. Pomaliza Sipikala amakhuthulira poto patebulo, anthu onse n'kuwerengera limodzi mokweza. Palibe amene wadandaulapo kuti waberedwa. Bilu ya mlongo uja inadutsa mwa njira imeneyi, ndipo mfumu inasaina ndi dzanja lonunkha chambo.

Zosakondweretsa zilipo ndipo ndizinene. Chakudya chimachedwa mukakhala ambiri, chifukwa mbaula yootchera ndi imodzi. Mukafika osawauziratu, ena adzadya ena akuyang'ana. Ife timatumiza chiwerengero cha anthu ndi zimene adye pofika Lachinayi, ndipo zimathandiza. Chimbudzi ndi chimodzi cha amuna ndi akazi omwe, choyera ndithu, koma mzere umakhalapo. Loweruka lokhala ndi mpira wa ku England, phokoso la TV ya kutsogolo limalowa mpaka pakhonde, ndipo aphungu ena amazemba kukasuzumira zigoli. Mu Okutobala malata aja amatentha koopsa, fani palibe, ndiye yambani cha m'ma 3 koloko, osati masana enieni. Dzuwa likangolowa udzudzu wa mu Shire umabwera wonse, choncho malizani kusanade. Lachisanu amatseka nthawi ya mapemphero, ndipo m'mwezi wa Ramadan moto amayatsa madzulo okha. Ife mwezi umenewo timakumana popanda chakudya, polemekeza mayiwa ndi nzika zathu zimene zikusala, ndipo khonde amatipatsabe.

Mitengo yake ndi ya malesitilanti a paboma, yotsikirapo kutali poyerekeza ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Amalandira ndalama m'manja komanso pafoni. Kwa gulu la mpingo, la banki m'khonde, kapena komiti ya mpira imene ikufuna kukambirana modekha, ndinganene mosakayika kuti pitani. Kwa msonkhano wofuna pulojekita ndi maikolofoni, sakani kwina.

Vuto limene khondeli silinatithetsere ndi la anzathu a ku Joni. Netiweki imagwira bwino pamenepo, ndiye timawaimbira n'kuika foni pakati pa tebulo kuti amve ndi kulankhula. Koma soketi ili kutsogolo kokha, foni ikatha moto phungu wa ku Johannesburg amazimiririka nkhani ili pakati. Ndipo poti sangaponye chitsekerero m'poto, amanong'oneza Sipikala voti yawo, kutanthauza kuti chinsinsi chimene ife tili nacho iwo alibe. Mmodzi wa iwo wanena kale kuti sakuona chilungamo pamenepa, ndipo ine ndili mbali yake. Za soketi tawapempha mayiwa, ndipo tanena kuti waya ndi mmisiri tilipira tokha. Za voti ya a kunja ndiyo nkhani yoyamba pa zokambirana za mwezi wamawa.