Chimbale cha Fuse sichimveka pa sipika ya foni

Amene ankapita kumadansi m'zaka za m'ma 1990 akuikumbukira nyimbo ya Missing, makamaka ija anaikonzanso Todd Terry n'kutchuka mu 1995. Eni ake ndi Tracey Thorn ndi Ben Watt, mwamuna ndi mkazi wake a ku England, omwe anayamba kuimba limodzi ku Hull mu 1982 pa dzina la Everything But The Girl. Atatulutsa chimbale cha Temperamental mu 1999 anangoti zii, aliyense n'kumachita zake kwinaku akulera ana. Chimbale chawo chotsatira, Fuse, chinatuluka pa 21 April 2023, patatha zaka 24, onse awiri ali ndi zaka 60. Muli nyimbo 10, ndipo chimbale chonse chimatha m'mphindi pafupifupi 35 basi.

Mawu a Tracey anasintha. Anatsika, akumveka olemera ndi okhakhala pang'ono, ndipo sanayese kuwabisa kuti amveke ngati mtsikana. Mu When You Mess Up anachita kuwapotoza dala ndi kompyuta, moti wina angaganize kuti failo yawonongeka. Siinawonongeke, anaifuna choncho.

Nyimbo yoyamba, Nothing Left to Lose, ndiyo yoyesera zida zanu. Ng'oma zake n'zodumphadumpha, koma chimene chanyamula nyimboyo ndi besi yonjenjemera imene ili pansi kwambiri. Sipika ya foni kapena timawailesi ta Bluetooth tokwana m'dzanja sitingaitulutse besi imeneyi, mumangomva mawu ndi kuthetheka kwa ng'oma, nyimbo n'kukhala ngati ndiwo zopanda mchere. Pamafunika sabuwufa kapena mahedifoni otseka khutu lonse. Komanso osakweza besi mpaka kumapeto monga timachitira ndi amapiano. Yakwana kale m'chimbalemo. Mukaionjeza, sipika imayamba kupwepwera ndipo mawu a Tracey amamira. Isiyeni pakati, mukweze voliyumu yokha.

Vuto lina lili pa kope. Mafailo a MP3 amene amaikidwa m'mamemori khadi pamsika nthawi zambiri amakhala opanikizidwa kuti nyimbo zikwane zambiri, ndipo ena amangotengedwa ku mavidiyo. Pa failo yopanikizidwa kwambiri (128 kbps) chimbale chonse chimadya pafupifupi 34 MB, pa yopanikizidwa pang'ono (320 kbps) ndi pafupifupi 84 MB. Kusiyana kwa 50 MB sikungakutsirizeni bandulo, pomwe kumamveka bwino lomwe pa nyimbo za phee monga Run a Red Light, imene ili ndi piyano ndi mawu, zina zochepa chabe. Pa failo yopanikizidwa, piyanoyo imamveka ngati ikuimbidwa m'madzi. Omvera pa Spotify kapena YouTube Music ndi bwino kudawunilodiratu pamene netiweki ili bwino ku boma, chifukwa mukapita midzi ya m'mbali mwa nyanja nyimbo imatha kumaduladula.

Kwa ma DJ ndi eni malo ogona alendo ku Nkopola, Monkey Bay ndi Cape Maclear, zovinika m'chimbalemu ndi zitatu: yoyamba ija, Caution to the Wind, ndi No One Knows We're Dancing, imene ikukumbukira kalabu ya Lazy Dog yomwe Ben ankayendetsa ku London Lamlungu. Zimayenda bwino dzuwa likamalowa, alendo akudya chambo, dansi isanatenthe. Paukwati kapena pachinkhoswe musaziyese, anthu akhala pansi. Lost ndi nyimbo ya maliro, ikunena za kutaya mayi, ndiye si yoika pabala anthu akusangalala.

Pofooka palipo. Chigawo chachiwiri chimazizira msanga, nyimbo zodekha zimatsatizana mpaka Karaoke yotsekera, ndipo Interior Space imatha musanaigwire n'komwe. Munthu wodikira zaka 24 akanayembekezera nyimbo ina imodzi yothamanga cha kumapetoko. Mawu onse ndi achingerezi cha ku England, nkhani zake n'za moyo wa usiku wa m'matauni a kumeneko, choncho wosamva chinenerocho adzangotsala ndi kaimbidwe. Koma kaimbidweko n'koyera, chida chilichonse chikumveka pamalo pake, ndipo sanabwereze Missing kuti adyerere dzina lakale. Pa 5 tikuchipatsa 4.