Zoonera ndi zowerenga za 2010 mpaka 2019: zomwe zikukomabe ndi zomwe zinazilala

Filimu siiweruzidwa sabata yomwe yatuluka ayi, nthawi imeneyo aliyense amakhala akukuwa ndipo nawenso umangokuwa nawo. Umaidziwa bwinobwino ukaibwereza patapita zaka phokoso litatha. Nde miyezi yapitayi ndakhala ndikubwereza zomwe zinatuluka pakati pa 2010 ndi 2019, mafilimu, masewero a pa TV ndi mabuku angapo, ndipo ndaona kuti zomwe zikukomabe ndi zija zoti olemba ake ankadziwa komwe nkhani ikathere asanaiyambe nkomwe.

Ndiyambe ndi Game of Thrones poti ndiyo inasowetsa anthu tulo dziko lonse. Inayamba mu Epulo 2011 pa HBO nkudzatha mu Meyi 2019, masizoni 8, maepisodi 73. Masizoni anayi oyambirira aja abale ndimawapatsa ulemu mpaka lero. Kunalibe munthu woti uyu sangafe, Ned Stark yemwe tonse tinkamutenga ngati mwini nkhani anamudula mutu sizoni yoyamba isanathe. Koma ndikamabwereza pano ndikuona kuti kukoma kwake sikunali pa zinjoka kapena pa nkhondo, kunali pa anthu awiri akulankhulana. Kumbukirani pomwe Tywin Lannister akuonekera koyamba, ali mu tenti akusenda nswala, manja ali magazi okhaokha uku akumudzudzula mwana wake Jaime, maso ali pa mpeni, mwanayo ndi msilikali woopedwa koma pamaso pa bambo ake wangoima chilili ngati kamnyamata. Palibe amene akukuuza kuti mkuluyu ndi woopsa, ukungodzionera wekha.

Vuto linabwera mabuku omwe seweroli linachokerako atatha. George R. R. Martin anatulutsa buku lachisanu, A Dance with Dragons, mu 2011 momwemo, ndipo seweroli linafika kumapeto lachisanu ndi chimodzi lisanatuluke, nde opanga aja anayamba kuyenda okha. Sizoni 7 inangokhala ndi maepisodi 7, sizoni 8 maepisodi 6 basi. Ulendo womwe kale unkatenga sizoni yathunthu munthu amauyenda mu episodi imodzi. Zoti mfumukazi Daenerys awotche mzinda wa King's Landing mabelu ogonjera atalira kale ine sindikutsutsa kuti zikanatheka, zizindikiro zinalipo kuyambira kale, koma munthu yemwe tamutsatira zaka zonsezo akumasula akapolo sungamutembenuze mothamanga chonchija. Zimandiwawa ndithu chifukwa ochita sewero aja anagwira ntchito, nyimbo zinali bwino, zithunzi zinali bwino, cholakwika chinali changu.

Breaking Bad ndi yosiyana kwambiri. Inayamba 2008 koma mbali yake yabwino kwambiri ili mzaka zomwe tikukambazi, inatha 2013 ndi maepisodi 62. Walter White, mphunzitsi wa chemistry ku Albuquerque, amupeza ndi khansa ya mmapapo nde akuyamba kuphika mankhwala osokoneza bongo ati kuti asiyire banja ndalama. Sizoni iliyonse akuipiraipira pang'onopang'ono moti sudziwa kuti unasiya liti kumumvera chisoni, ndipo mu episodi yomaliza akuvomera kwa mkazi wake kuti zonsezi ankachitira iye mwini osati banja. Ukaibwereza umapeza kuti dyera ndi kunyada kuja zinalimo kale kuyambira pachiyambi, Bryan Cranston, yemwe anasewera ngati Walter, ankazionetsa pankhope ife tisanazione. Iyi ndiye ndingauze aliyense kuti aonere, ngakhale sizoni yoyamba imayenda mozizira pang'ono.

Koma ya zaka khumi zonsezi kwa ine ndi Chernobyl ya 2019. Maepisodi 5 okha, yatha. Ikukamba za ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya mu Epulo 1986 ku Ukraine, nthawi ya Soviet Union. Pali malo ena pomwe asilikali akukwera padenga ndi mafosholo kukakankhira pansi zidutswa za graphite zotulutsa radiation yoopsa, aliyense wapatsidwa masekondi 90 okha chifukwa kupitirira apo thupi silingapirire, ndipo kamera ikutsatira mmodzi osadula, ukungomva kupuma kwake mkati mwa chophimba kumaso ndi kamakina koyezera radiation kakulira mosalekeza, kenako phazi lakodwa, nsapato yang'ambika. Masekondi amenewo ndi atali kuposa nkhondo zonse za sizoni 8 ya Game of Thrones. Chokhacho, pafupifupi anthu onse akulankhula Chingerezi cha ku Britain pomwe nkhani ndi ya ku Soviet, poyamba zimakusokoneza koma umazolowera.

Kaoneredwe kenikeniko kanasinthanso mzaka zimenezi. Mu Febuluwale 2013 Netflix inatulutsa maepisodi onse 13 a House of Cards tsiku limodzi, ndipo mu Januwale 2016 inafika kumayiko ena 130 nthawi imodzi. Ubwino wake ndi woonekeratu, umaonera nthawi yomwe ukufuna, pa foni kaya pa laputopu, mawu omasulira pansi alipo nde mafilimu a ku Korea kapena ku Spain sakhalanso achilendo. Koma ine ndimaona kuti tinatayapo kanthu. Sizoni yomwe waimeza masiku awiri pakatha mwezi sukumbuka ngakhale mayina a anthu ake, pomwe zija zodikira sabata yathunthu munkakangana ndi anzanu kuti wafa ndani, wapereka mnzake ndani, nkhani inkakhazikika mmutu. Komanso pa makampani onse oonetsa pa intanetiwa filimu si yako, mgwirizano wawo ndi eni ake ukatha imachoka.

Kumbali ya mafilimu, zaka izi zinali za Marvel, kampani yopanga mafilimu a ngwazi za mphamvu zodabwitsa, palibe angatsutse. Avengers: Endgame ya 2019, maola atatu, ndinasangalala nayo nthawi imeneyo koma pano sindiifunanso, inali phwando la tsiku limodzi. Yomwe yatsala ndi Black Panther ya 2018, ndipo chifukwa chake ndi Killmonger, mdani woti ukamamvera madandaulo ake umapeza kuti akunena zoona ngakhale njira yake ili yolakwika. Kuionera pano ukudziwa kuti Chadwick Boseman, yemwe anasewera ngati Black Panther, anamwalira mu Ogasiti 2020 ndi khansa yomwe ankadwala mwakachetechete nthawi yonse ankajambulayo, zimakhudza mtima. Get Out ya Jordan Peele, 2017, inandiopsa ndi kasupuni kozungulira mkapu ya tiyi basi. Mad Max: Fury Road ya 2015, yomwe anajambulira mchipululu cha Namibia, nkhani yake ndi yochepa koma maso sachoka pa sikirini.

Parasite ndiye mfumu. Ndi ya ku South Korea, ya Bong Joon-ho, 2019, ndipo mu Febuluwale 2020 inakhala filimu yoyamba yosakhala ya Chingerezi kupata Oscar ya filimu yopambana zonse. Banja losauka lokhala mchipinda cha pansi likulowa mmodzimmodzi kukagwira ntchito kwa anthu olemera mobisa kuti ndi apachibale. Usiku wina kukugwa chimvula, iwo akutsika masitepe osatha kubwerera kwawo nkupeza nyumba yonse yamira mmadzi a zonyansa, mtsikana uja wakhala pamwamba pa chimbudzi chomwe chikulavula akusuta fodya chifukwa palibenso chomwe angachite. Mmawa mwake mayi wolemera uja ali mgalimoto akuyamikira pa foni kuti mvula yayeretsa mpweya, bambo yemwe wagona pamalo othawirako akumuyendetsa. Olemerawo si anthu ankhanza nkomwe, amangomva fungo la munthu wosauka nkutseka mphuno, ndipo filimu yonse yagona pa fungo limenelo.

Mabuku ndinena atatu. Americanah ya Chimamanda Ngozi Adichie, 2013, ndimaikonda pomwe Ifemelu ali mu saluni ku Trenton, ku America, akulukitsa tsitsi ndi pomwe Obinze akuvutika ku London wopanda mapepala, koma chakumapeto akabwerera ku Lagos imatalika mosafunikira. Homegoing ya Yaa Gyasi, 2016, ikuyamba ndi atsikana awiri a mayi mmodzi omwe sakudziwana, Effia wakwatiwa ndi mzungu akukhala pamwamba mu Cape Coast Castle ku Ghana, Esi ali mndende ya akapolo pansi pa nyumba yomweyo, kenako mutu uliwonse ukutsatira mbadwo wina, uku ku Ghana uku ku America. Dandaulo langa ndi loti munthu ukangoyamba kumukonda mutu watha, wapita.

Born a Crime ya Trevor Noah, nayonso 2016, ndinkaiyembekezera ngati buku la nthabwala koma ndi buku la mayi ake. Anabadwa 1984, mayi Mxhosa, bambo mzungu wa ku Switzerland, nthawi yoti malamulo a apartheid ankaletsa zimenezo, moti mayiyo nthawi zina ankayenda kumbuyo kwa mwana wake ngati wantchito kuti apolisi asawagwire. Mutu womaliza, pomwe bambo womupeza akuwombera mayiwo mmutu iwo nkupulumuka, sungauwerenge mothamanga. Ngati mungapeze la odiyo tengani limenelo, akuwerenga yekha Trevor ndipo mawu a mayi ake, a agogo ake, Chizulu, Chixhosa ndi Chiafrikaans zonse akuzitchula mmene zimamvekera, zomwe papepala simungazimve.