Ndemanga: reel ya Shimano Sedona 1000 pa usodzi wa nyambo zopepuka ku Mangochi

Reel (kachipangizo kokulunga chingwe pa ndodo yowedzera) imene ndikuifotokoza pano ndi Shimano Sedona ya saizi 1000, ndipo ndakhala ndikuwedzera m'mbali mwa mtsinje wa Shire kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ku Malombe, ndiponso m'miyala ya kugombe cha ku Monkey Bay, kunja kwa malire a paki ya Lake Malawi National Park, popeza mkati mwa pakiyo kuwedza n'koletsedwa. Ambiri kwathu kuno tinakulira pa chomanga, chingwe cholimba m'manja ndi nyongolotsi kapena usipa pa mbedza, koma usodzi umene ndikunenawu ndi wosiyana: chingwe chake ndi chowonda kwambiri, chimene chimaduka chikakokedwa ndi mphamvu ya makilogalamu 2 kapena 3, ndipo nyambo zake ndi zopanga, tizitsulo tonyezimira ndi timapulasitiki tofewa tolemera magalamu 2 mpaka 7. Nsomba imene ndimafuna kwambiri ndi mcheni, chifukwa imathamangitsa chilichonse chonyezimira ngati usipa.

Pa usodzi woterewu chinthu chimene wogula ayenera kuyesa choyamba ndi drag, kachipangizo kamene kamalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Ogulitsa amakonda kutchula mphamvu yaikulu imene drag ingapirire, ndipo pa Sedona 1000 mphamvuyo ndi makilogalamu 3, nambala imene anthu ena amaiderera. Komatu drag imatcheredwa pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwe, kutanthauza kuti pa chingwe cha makilogalamu 3 supitirira kilogalamu imodzi. Chofunika ndi chakuti iyambe kumasula chingwe mosagwiragwira. Ine ndimamanga chingwe ku botolo la madzi la theka la lita n'kulinyamula pang'onopang'ono ndi ndodo. Drag yabwino imalola botolo kutsika mwakachetechete mpaka pansi, pamene yoipa imaima kenako n'kumasula mwadzidzidzi. Sedona imatsitsa botolo bwinobwino, ndipo pamadzi imachitanso chimodzimodzi mcheni ukatembenuka mwadzidzidzi pafupi ndi mwala. Reel yotchipa yopanda dzina lodziwika imene ndinali nayo kale inkadula chingwe pa nthawi ngati imeneyi.

Kumbali ya makina ake, reel iyi imalemera pafupifupi magalamu 215, ili ndi mabering'i 3 ndi lina loletsa chogwirira kubwerera m'mbuyo, ndipo magiya ake ndi a 5.0:1, kotero kuti ukapukusa chogwirira kamodzi umabweza chingwe cha masentimita pafupifupi 66. Mabering'i ndi ochepa poyerekeza ndi zimene zimalembedwa pa mabokosi a mareel a pamsika, koma kuchuluka kwa mabering'i sikutanthauza kanthu ngati giya yaikulu ili yosalimba. Ya Sedona ndi imene Shimano amaitcha Hagane, ya aluminiyamu youmbidwa mwa kuipsinja osaitenthetsa, ndipo mpaka pano sinayambe kukhulukuta. Liwiro lake lochepali ndimalikonda, chifukwa nyambo ya magalamu 3 imafuna kuyendetsedwa modekha, ndipo ndi reel yothamanga dzanja limaiwala msanga n'kuyamba kufulumira.

Nkhani ya saizi ndiyo imene ndikufuna kukhalitsapo, popeza ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimatayikira. Pa ndodo yopepuka ya mamita 2, saizi 1000 imakhala bwino kwambiri: ndodo siigwera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo mkono sutopa ngakhale uponye kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litakwera. Spool yake, pamene chingwe chimakulungidwa, imalowa mamita pafupifupi 140 a nayiloni ya mamilimita 0.20, zomwe n'zokwanira pa mcheni ndi mbaba. Vuto la spool yaing'ono, kaya reel ndi ya kampani iti, ndi lakuti nayiloni ndi fluorocarbon (chingwe chosaoneka bwino m'madzi) zimasunga mapindidwe a pamene zinakulungidwa, ndipo spool ikachepa mapindidwewo amakhala othina, chingwe chimatuluka chili chopotanapotana, nyambo n'kugwera pafupi. Mankhwala ake ndi chingwe choluka cha braid, cha PE 0.6 (muyeso wa kuwonda kwake), chokhala ndi kachidutswa ka fluorocarbon kotalika mita imodzi kumapeto. Pansi pa braid payenera kuyamba nayiloni pang'ono kuti isamaterereke pa spool.

M'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, zinthu zimasintha. Mphepo imakankha chingwe chowonda n'kupanga thumba lalikulu pamwamba pa madzi, ndipo kuti ulichotse msanga umafuna reel yobweza chingwe chambiri. Apa Sedona 2500HG, ya magiya a 6.2:1 imene imabweza masentimita pafupifupi 91 pa kupukusa kumodzi, imaposa yanga moonekeratu. Ndinaiyesa ya mnzanga wina ndipo kusiyana kwake kunali kosabisika. M'Shire namonso muli namasupuni, mlamba ndi kampango, ndipo nsomba yaikulu ikatenga nyambo imene sunaiponyere n'kulowa pansi pa udzu, saizi 1000 imakhala ngati njinga ya kabaza yosenzetsedwa matumba a simenti. Ndiye maganizo anga ndi akuti munthu amene angakwanitse kugula reel imodzi yokha, ndipo amawedza nyengo zonse, agule 2500. Amene ali kale ndi reel yokulirapo ndipo akufuna ya nyambo zopepuka zokhazokha, 1000 simukhumudwitsa.

Zilembo za pa bokosi nazo n'zofunika kuzimvetsa musanatume ndalama, makamaka poti ambiri timaitanitsa kudzera mwa abale amene ali ku Johannesburg kapena Cape Town, ndipo katundu wolakwika sabwezeka. Kwa Shimano, C amatanthauza thupi laling'ono lokhala ndi spool yokulirapo, kotero C2000 ili ndi thupi la 1000 ndipo C3000 ili ndi thupi la 2500. S ndi spool yosazama, imene imadzaza ndi braid yochepa. HG ndi magiya othamanga. Manambala a kampani ina ya Daiwa pa mareel awo a mtundu wa LT sagwirizana ndendende ndi a Shimano, choncho ndi bwino kuyerekeza kulemera ndi kuchuluka kwa chingwe m'malo modalira nambala yokha.

Madzi athu alibe mchere, kotero dzimbiri si vuto lalikulu, koma mchenga wa kugombe ndiwo umapha mareel. Yanga sindiigoneka pansi, ndimaipukuta ndi kansalu konyowa ndikafika kunyumba, ndimadontheza mafuta pang'ono pa roller, kagudumu kakang'ono kamene chingwe chimadutsapo, ndipo ndimamasula drag ndisanaisunge kuti tinsalu ta mkati tisaphwanyike. Podzaza chingwe ndimasiya mpata wa milimita imodzi kapena awiri kufika pa mlomo wa spool, ndipo waya wa bail, umene umatsegulidwa poponya kuti chingwe chituluke, ndimautseka ndi dzanja ndikaponya, osati popukusa, chifukwa mfundo zambiri za braid zimayambira pa chingwe chimene chakulungidwa chili chokhwepa. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, ndipo imodziyo ndaichotsa chifukwa cha miyezi ya mwera.